Chikumbutsa Nkhwangwa N'chisanu

Akale adati chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu. Kukamatentha palibe amafunsa kumene ili. Imagona kuseri kwa nkhokwe, dzimbiri likuidya. Msilikali naye timam'tero. Mfuti zikalira timam'funa, kukachita bata timamuiwala. Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala akuluakulu amavala kaduwa kofiira pachifuwa, amaika nkhata za maluwa patsinde pa chipilala, lipenga limalira, anthu n'kukhala duu kwa mphindi ziwiri, kenako yense kwawo. Mwambowo ngwabwino, sindiunyoza ayi. Koma adzukulu anga, amene timawaikira maluwawo timawadziwa?

Mukamalowa mu Zomba kuchokera ku Blantyre, pafupi ndi Cobbe Barracks, mumaona nsanja yaitali ya njerwa zofiira. Adaimanga pokumbukira asilikali a King's African Rifles amene adatsala pankhondo yoyamba ya dziko lonse, ija makolo athu ankaitcha ya Chiwaya. Ambiri timaidutsa pa minibasi maso ali pa foni, osadziwa kuti nkhondoyo sitidangoimvera kutali. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen idaombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, padoko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania, pa nyanja yathu yomweyi. Mzinga wa Guendolen ulipobe ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho magazi adakhetsedwa ku Karonga. Ndipo pamene ku Ulaya mfuti zidaleka pa 11 Novembala 1918, kuno mkulu wa nkhondo wa Majeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, adadzatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, komwe tsopano ndi Mbala, kwa abale athu ku Zambia.

Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Mkangano udali wa mafumu a ku Ulaya, koma mapewa adali athu. Olemba mbiri amati dziko la Nyasaland lidapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga adali pafupifupi 200,000, m'dziko la anthu ongopitirira miliyoni imodzi. Tangoganizani. Kumene kudalibe msewu kapena njanji, ufa, zipolopolo, mahema ndi mizinga yomasula zinkayenda pamitu pa anthu. Ambiri sadapite mwakufuna kwawo: mafumu ankaumirizidwa kupereka amuna, ena ankagwidwa usiku m'nyumba zawo. Sadafe ndi chipolopolo kwenikweni. Idawamaliza ndi njala, kamwazi, malungo ndi kutopa, ndipo ankakwiriridwa pomwe agwerapo. Kumudzi minda idagonera, njala idalowa, ndiye mu 1918 kudadzanso chimfine choopsa chija chimene chidapulula anthu dziko lonse lapansi.

Mbusa John Chilembwe adaziona kudakali m'mawa. Mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo yosawakhudza, n'kusiya amasiye opanda wowasamala. Sadamumvere. Koma mawu a akuluakulu akoma akagonera. Patapita zaka zoposa 100, mu 2021, bungwe losamala manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission lidavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, makamaka a kum'mawa kwa Africa ndi a ku Egypt, sadakumbukiridwe ndi maina awo monga adachitira ndi azungu. Boma la Britain lidapepesa. Kupepesa n'kwabwino, koma sikudzutsa dzina limene palibe adalilemba.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Chipilala chimasunga zimene womanga adafuna kuti zisungidwe. Chimatchula gulu la nkhondo, chaka ndi malo amene adamenyerako. Sichitchula mayi amene adalima yekha zaka zitatu akuyang'ana kunjira, kapena mnyamata amene adabwerako wosalankhula, akudzidzimuka mphezi ikang'anima. Zimenezo zimasungidwa pabwalo, pamaliro, m'kamwa mwa agogo. Ndipo pakamwa sipakhala muyaya.

Galu wamkota sakandira pachabe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wina wa mbiri, Melvin Page, mothandizidwa ndi ophunzira a ku yunivesite ya Malawi, adayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zimene zidaona nkhondo ya Chiwaya ndi maso. Zimene adamvazo zidadzatuluka m'buku lotchedwa The Chiwaya War m'chaka cha 2000. Akadati achedweko zaka makumi awiri, akadapeza mitumbira yokhayokha. Timakonda kunena kuti tsiku limodzi siliwoza mbewa, n'zoona, koma masiku amodziamodziwo akaunjikana, mbewa ija simuipezanso.

Tionenso kuti mudzi sudadikire boma kuti ukumbuke. Madzi saiwala khwawa. Pitani ku Nkhata Bay kapena ku Karonga mukaone malipenga, pitani m'chigawo chapakati mukaone mganda: makabudula oyera osita bwino, masokosi ofika m'mawondo, kuguba pamzere, maudindo onga a kubalakisi, ndi zikho zoomba m'malo mwa malipenga a mkuwa. Ndi perete wa asilikali uja, atasanduka gule. Mwana amene akuvina lero mwina sadziwa kuti mapazi ake akufotokoza mbiri ya agogo a agogo ake. Womuuza ndani ngati ife takhala chete?

Amene adapita kunkhondo yachiwiri, ku Abyssinia, ku Madagascar ndi kunkhalango za ku Burma, atsala owerengeka, ndipo nawo dzuwa lapendeka. Koma mzerewo sudathere pamenepo. Alipo amene adalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Alipo amene adakasungitsa mtendere ku Congo, kumene mu Novembala 2018 asilikali athu 6 adaphedwa kufupi ndi Beni. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, adafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene adavulala, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations lidam'lemekeza ndi mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: iye adauchita mwambiwo ndi moyo wake. Ana a sukulu angati angatchule dzina lake?

Tsono ndikuti, zipilala tizisamale: tilambule udzu, tikonze zolembedwa zimene zayamba kufufutika, titengereko ana asukulu ku Zomba, ku Lilongwe, ku Mangochi ndi ku Karonga. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito yaikulu ili kwathu komwe. Anyakwawa, m'kaundula wa mudzi muikemo tsamba la amene adapita kunkhondo, amfuti ndi amtengatenga omwe. Aphunzitsi, tumani ana akafunse kwawo, alembe dzina, mfunda, mudzi ndi kumene munthuyo adakafika. Inu a mafoni m'manja, jambulani mawu a agogo akadali ndi mpweya. Mendulo, chithunzi kapena chikalata chopumira usilikali chili pansi pa sutikesi chisadyedwe ndi chiswe. Chijambuleni, ndipo nkhokwe ya zakale ya National Archives ku Zomba ilipo kuti zotere zisatayike.

Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli msilikali wokalamba, kapena mayi wamasiye wa msilikali, musadikire Novembala. Nkhata ya maluwa sadzainunkhiza. Pitani sabata ino, mutengeko kaufa ndi kasopo, mukhale pansi, mufunse, mulembe. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.