Mwana wa amene sanathirire, adyeko ndiwo?



Chilala cha 2024, chimene boma linalengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatikumbutsa kuti kabedi ka repu si chinthu chochepa. Ndiye mabanja angapo akapeza kamalo, kaya kuseri kwa tchalitchi kaya pa ploti ya mnansi, amagwirizana kulima pamodzi: repu, chibwabwa, kalembula, matimati. Polima sipavuta. Nkhani imabuka tsiku lothyola.

M'buku la komiti muli maina. Uyu anathirira masiku 10, uyu masiku 2, uyu sanaonekeko olo tsiku limodzi. Manje pa geti paima kamwana ka zaka 5, kapulasitiki m'manja, katumidwa ndi amake amene dzina lawo lilibe chizindikiro m'buku. Tikapatse kapena ayi?

Amene akana ali ndi mfundo, tisawanyoze. Malaiti akapita pampu siyenda, ndipo chigubu cha malita 20 chimalemera pamutu. Wina ananyamula, wina anagona. Dimba limene onse athyola koma othirira ndi atatu chabe limauma msanga, chifukwa atatuwo amatopa n'kusiya. Ndipo atikumbutsa 2 Atesalonika 3:10, pamene Paulo aletsa chakudya kwa munthu wokana ntchito.

Koma werengani bwino vesilo. Paulo akamba za munthu amene safuna, osati amene sangathe. Mai amene anyamuka kusanache kukagulitsa kumsika, agogo olera ana amasiye miyendo ili yotupa, abambo olonda usiku wonse: buku la komiti liwalemba chimodzimodzi ndi waulesi, chifukwa buku liwerenga masiku chabe. Aulesi enieni aliko, tisanamizane. Koma olo kholo likhale laulesi zoona, amene waima pa geti ndi mwana. Ezekieli 18:20 aphunzitsa kuti mwana sasenza mlandu wa atate wake. Njala ya mwana si chikwapu chokwapulira amake.

Chilamulo cha Mose chinaona vutoli kale. Pa Levitiko 19:9-10 mwini munda analamulidwa kusakolola mpaka m'mphepete, komanso kusabwerera kukatola zogwa. Zimenezo zinali za osauka ndi alendo. Onani kuti gawolo linapatulidwa kukolola kusanayambe. Sanadikire kuti wosauka afike, apemphe, ayambe wafunsidwa mafunso pamaso pa anthu. Rute analowera pakhomo lomweli m'munda wa Boazi, ndipo Boazi anauza anyamata ake kuti azigwetsako dala ngala zina. Koma tsiku limenelo sanamutumizire thumba kunyumba. Rute anawerama yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anadya, ndipo ulemu wake unatsala.

Ine ndiona kuti dimba la mabanja liyenera kukhala ndi bedi limodzi la m'mphepete limene sililembedwa m'buku, ndipo onse agwirizane za bedilo tsiku lofesa, mitima isanawawe. Kamwana kaja kakafika, kathyoleni pamenepo. Mukatero kapatseni kachitini, kathirire mbewu ziwiri zitatu pamodzi ndi anzake.

Inde, ana ang'ono m'dimba ndi chipwirikiti. Aponda mbande, azula repu poyesa ndi udzu, athira madzi onse pa mbewu imodzi mpaka mizu ionekera. Tikawerengera ngati bizinesi, ntchito yawo ndi losi. Koma pamene tikangana pa geti, ana athu aima pomwepo ndi zitini zawo, ndipo aona nkhope ya mnzawo amene asewera naye tsiku lililonse akubwerera ndi pulasitiki yopanda kanthu. Mawa kusukulu, pa nthawi ya buleki, adzachita chimodzimodzi ndi chitumbuwa chawo.

Nanga kholo lija? Lisasiyidwe chabe. Paulo yemweyo, pa vesi 15, anati wotere achenjezedwe ngati mbale, osati ngati mdani. Akulu awiri apite kunyumba kwake madzulo, akhale pansi, afunse chimene chavuta. Mwina apeza matenda, mwina manyazi, mwina ulesi weniweni umene ufunika kuudzudzula. Mawuwo akambidwe kwa wamkulu mwini wake, pakhomo pake, ana atapita kukasewera.