Nyimbo imodzi sachezera gule

Aliyense amene anachezerapo chimtali kapena chioda pabwalo la kumudzi amadziwa mmene usiku umayendera. Wotsogolera amaponya nyimbo, azimayi n'kuvomera, manja akuwomba, woyimba ng'oma thukuta lili kamukamu. Nyimboyo ikakhalitsa manja amafooka, ena amakhala pansi, ana n'kuyamba kusinza. Wotsogolera wochenjera sadikira kuuzidwa. Amaidula n'kuponya ina, bwalo n'kudzukanso. Pamenepa ndi pomwe makolo anatola mwambi wakuti nyimbo imodzi sachezera gule.

Mwambiwu timaunena kwa munthu woumirira njira imodzi, monga mlimi wodalira chimanga chokha chaka ndi chaka, kapena mkulu wa pabwalo la milandu amene safuna kumva maganizo a anzake. Koma tikausenda bwino, muli phunziro lina. Kodi wotsogolera amadziwa bwanji kuti nthawi yosintha yakwana? Amamvera kwa ovomera. Ndiye kuti gule si wa woyimba yekha ayi. Ovomera ndi owomba m'manja ndiwo amafikitsa gule mbandakucha.

Chikhalidwe chathu chonse chimayenda chomwechi. Agogo akati "Padangokhala", amadikira adzukulu kuti ayankhe "Tilitonse", ndipo mayankho akayamba kuchepa amalowetsa kanyimbo kapena kufupikitsa nthano. Ngakhale Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse, sayenda popanda azimayi oyimba. Chilombo chimavina mwamphamvu chikamva nthungululu ndi kuona anthu akufupa.

Masiku ano zisangalalo ndi malonda, koma lamulo lake silinasinthe. Pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya Big Brother Africa itayamba ku Johannesburg mu 2003, chimene chinakoka anthu sichinali kungoonera achinyamata 12 otsekeredwa m'nyumba. Oonera ndiwo ankavota wotuluka ndi wotsala, mpaka Cherise Makubale wa ku Zambia anapambana. Aphungu a Nyumba ya Malamulo kuno ku Malawi analetsa kuti pulogalamuyi isaonetsedwe pa wailesi yakanema ya TVM, koma khoti linachotsa chiletsocho. Munthu akaponya voti amaona masewerowo ngati ake, ndipo chinthu chako suchitaya msanga.

Pa wailesi ya MBC, pulogalamu ya Zokonda Amayi yakhalitsa pa chifukwa chomwecho. Azimayi amatumizirana moni pa wailesipo, anakhazikitsa magulu m'maboma osiyanasiyana, ndipo amakumana kumacheza atavala yunifolomu zawo. Woulutsa amangoyambitsa, eni pulogalamu ndi omvera.

Chitsanzo china ndi Giddes Chalamanda. Nyimbo yake ya Linny Hoo inali yakale, koma ataiyimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, achinyamata a m'mayiko ambiri anayamba kudzijambula akuivina pa TikTok, mpaka inaonedwa koposa 80 miliyoni, mwini wake ali ndi zaka zopitirira 90. Sikuti nkhalambayi inalipira otsatsa malonda. Ovomera a pa intaneti ndiwo anainyamula, monga momwe azimayi a pabwalo amanyamulira nyimbo yowafika pamtima.

Komabe kumvera anthu si kutengeka ndi mphepo iliyonse. Pa dansi sipalephera woledzera wokuwa kuti mubwereze nyimbo yomweyo kasanu. Mukamumvera yekhayo, ena onse amanyamuka. Luso lagona pa kuwerenga bwalo lonse: kuona amene akuvina, amene akuyasamula, ndi amene akuyang'ana pakhomo.

Tsono inu oyimba, ochita zisudzo, oulutsa mawu ndi okonza maphwando, kumbukirani kuti munthu amene walipira pakhomo sanabwere kudzakhala ngati chitsa. Mupatseni mpata woyimba nanu, muyankheni akakulemberani, mufunseni chimene chamusangalatsa ndi chimene chamutopetsa. Mukaona manja ayamba kufooka, musaimbe mlandu anthu kuti sadziwa luso. Sinthani nyimbo, chifukwa oonera akabwerera kwawo pakati pa usiku, mawa sadzagulanso tikiti.