Kupereka kwa Ana a Eni: Mphatso Kapena Mangawa?

Masika akafika, cimanga ciri m'nkhokwe ndi nshawa zitagulidwa, akulu a mipingo ina kum'mawa kwa Zambia amayenda khomo ndi khomo ndi kabuku ka zopereka. Pena afuna kumanga nyumba yophunziramo ukalipentala, pena afuna kugula makina osokera, kuti anyamata ndi atsikana amene anatsiriza sukulu asangokhala pabwalo manja lende. Ndipo kawirikawiri amakomana ndi funso lakuti: "Ana a mlongo wanga alibe nsapato; ndidzaperekeranji ana a eni?" Wofunsa cotero sali munthu wouma mtima, ndipo sayenera kuyankhidwa ndi mau omcititsa manyazi.

Mbali ina ya funsoli ndi yoona. Pakati pa Acewa mtsibweni ndiye mwini mbumba, ndipo ana a mlongo wace akasowa, mlandu ukhala pa iye. Malembo nawonso sapeputsa udindo umenewu. Mtumwi Paulo, polembera Timoteo, anatsutsa kolimba munthu wosasamalira a pabanja pace; ndipo Ambuye Yesu anadzudzula iwo amene anatcha cuma cao Korban, ndiko kunena copatulira Mulungu, kuti apewe kuthandiza atate ndi amai ao. Cotero munthu wocotsa ndalama ya ndiwo m'nyumba mwace kuti dzina lace limveke m'kacisi sanacite cifundo. Wagula ulemu ndi njala ya ana ace.

Koma wofunsayo ayenera kufunsidwa nayenso: kodi iye analeredwa ndi yani? Palibe munthu wamkulu m'mudzi amene anaphunzira zonse kwa amace ndi mtsibweni wace okha. Anagona m'gowelo pamodzi ndi anyamata a mabanja ena. Anakhala pamphala namva akulu alikuweruza milandu. Nkhalamba imene sinali mbale wace inamuonetsa kusema mpini ndi kuluka mphasa, ndipo mai wina anamgawira nsima tsiku limene kwao sikunafuke utsi. Panalibe wolemba zimenezi m'buku, ndipo panalibe wofunsa malipiro. Makolo anaziika m'mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Munthu aliyense wofika pa ukulu afikapo ali ndi mangawa, ndipo amene anamkongozawo ambiri ali kumanda. Sangathe kubweza kwa iwo. Angabweze kwa ana okha amene alikukula lero.

Cimene casintha ndi mtundu wa cobwezeraco. Kale mudzi unalera ana ndi manja ndi pakamwa, pakuti mpini ufuna mtengo ndi kasemasema basi. Maluso amene adyetsa mnyamata masiku ano afuna maceka, nyundo, matabwa, makina, nsaru, ndi mphunzitsi amene nayenso ali ndi banja lakuti adyetse. Zimenezi sizimera kudambo. Kabuku ka zopereka kalowa m'malo mwa mphala, ndipo wokana kabukuko akana nchito imene agogo ace anaicita osadandaula.

Dziko lino liri ndi umboni wace. Pamene Zambia inalandira ufulu m'caka ca 1964, nzika zace zimene zinatsiriza maphunziro a yunivesite zinali ngati 100 zokha. Pempho litamveka lakuti dziko limange yunivesite yace, anthu wamba anapereka ndalama, ena nkhuku, mbuzi ndi ng'ombe, ndipo University of Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966 ndi ophunzira 312. Wopereka mbuzi anadziwa bwino kuti malo ndi ocepa, ndi kuti mwina mwana wace sadzapondako. Koma adzukulu ace aphunzitsidwa ndi aphunzitsi ocokera kumeneko, nacizidwa ndi madokotala ocokera kumeneko. Cimene cinacitika pa dziko lonse cingacitikenso pa mudzi umodzi ndi nyumba imodzi ya ukalipentala.

Ena adzati nchitoyi tsopano ndi ya Boma. Ndi zoona kuti m'caka ca 2022 Boma linacotsa malipiro m'sukulu zace kufikira giredi 12, ndi kukweza thumba la citukuko la dera la phungu aliyense kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, mbali yace ina yolipirira acinyamata ophunzira maluso. Akulu a mudzi acita bwino kupempha gawo lao m'thumbalo. Koma Boma silidziwa kuti ndi mnyamata uti amene wayamba kucezera pa kacasu, kapena mtsikana uti amene alikukankhidwira kuukwati cifukwa ca umphawi. Odziwa ndi anansi, ndipo mangawa a mnansi salipidwa ndi msonkho.

Kupereka kotere kukadziwika kuti ndi kubweza mangawa, makhalidwe atatu atsatapo.

Coyamba, wobweza mangawa sadzitama ndipo salamulira. Pali anthu amene akalipirira mnyamata maphunziro amamuyesa wanchito wao wa kumunda. Coipa koposa, pali amuna amene akathandiza mtsikana amayembekeza malipiro amene sayenera kutchulidwa pakati pa Akristu. Amenewa sanapereke kanthu, agula munthu. Ndi cifukwa cace nkwabwino kuti zopereka zipite m'thumba limodzi la onse, kuti mwana asagwadire khomo la munthu mmodzi.

Caciwiri, mangawawa ali pa onse, wolemera ndi wosauka yemwe, yense monga mwa mphamvu yace. Pamene Paulo anasonkhanitsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, anayamika mipingo ya ku Makedoniya imene inapereka iri mu umphawi. Ndipo analangiza Akorinto kupatula kanthu tsiku loyamba la sabata, yense monga anapindula. Mai wamasiye wobwera ndi lichero la nshawa, mnyamata woumba njerwa, mmisiri wopereka Loweruka lace kuphunzitsa, onsewa alembedwe m'buku limodzi ndi mwini sitolo. Ndipo amene caka cino alibe kanthu konse asatchulidwe dzina pagulu.

Cacitatu, osunga thumba asenza katundu wolemera, pakuti agwira thukuta la osauka ndi tsogolo la ana. Paulo yemwe, ngakhale anali mtumwi, sanafune kunyamula ndalama zija yekha. Anatuma Tito pamodzi ndi abale ena, mmodzi wa iwo wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasakhale womneneza. Ngati mtumwi anadzicinjiriza cotero, msungi wa cuma wa pamudzi asakwiye pofunsidwa. Ndalama ziwerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu, cogulidwa ciri conse cikhale ndi lisiti lace, ndipo buku liwerengedwe poyera pamaso pa operekawo ndi acinyamata omwe. Thumba limodzi likadyedwa, mudziwo sudzaperekanso kwa zaka zambiri, ndipo olangidwa ndi ana amene sanabe kanthu.

Mnyamata wotuluka m'nyumba yotere ndi luso m'manja mwace ayenera kuuzidwa zoona tsiku lomwelo lolandira zipangizo zace. Sayenera kuyenda m'makomo ndi kugwada, pakuti anthu anangobweza zimene iwonso analandira. Koma mangawa aja tsopano asamukira pa iye. Tsiku limene adzakhala ndi benci lacelace, padzaima pakhomo mwana wosakhala wa mbumba yace, alikuyang'ana m'mene acekera thabwa. Ndipo amuitane alowe.