Mazira a eni

Ndili mwana ndapha mpheta zambiri. Legeni ndinali nayo, ulimbo ndinkadziwa kutchera, ndipo madzulo tinkawotcha timbalameto n'kudyera nsima popanda wina kufunsa ngati n'kulakwa. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asandiyese munthu wachifundo kwambiri pa zimene ndikufuna kunenazi.

Chaka chimene ndinatsikira ku Joni ndinafikira kwa amalume, omwe ankagwira ntchito ya m'gadeni pa nyumba ina kunja kwa Johannesburg. Bwana wawo ankaweta mbalame, osati nkhuku kapena nkhunda ayi, koma timbalame tating'onoting'ono ta mtundu wa mpheta. Kuseri kwa nyumba kunali khola lalitali kuposa munthu, la waya wa timabowo ting'onoting'ono kuti khoswe asalowe. Mbali imodzi inali yofolera ndi yotchinga mphepo, inayo yapadzuwa. Zitseko zinali ziwiri: umalowa choyamba, n'kutseka, kenako n'kutsegula chachiwiri. Amalume anandiuza tsiku loyamba lomwelo kuti ndikadzaiwala zimenezo ntchito yawo yatha, ndipo tonse tidzakwera basi.

Zodula kwambiri m'kholamo zinali za mtundu wa Gouldian. Mukaziona pachithunzi mumaganiza kuti wina waseweretsa foni: msana wobiriwira, chifuwa chapepo, mimba yachikasu, mutu wakuda kapena wofiira. Kwawo ndi kumpoto kwa Australia, dziko lotentha, kumene zimadya njere za udzu n'kumaswera m'mphako za mitengo ya bulugamu. Dzinalo anazipatsa ndi Mngelezi wina, John Gould, mu 1844, pokumbukira mkazi wake Elizabeth amene ankajambula mbalame za m'mabuku ake ndipo anamwalira mu 1841. Kutchire zinachepa kwambiri chifukwa cha moto wolusa ndi ng'ombe zimene zimatha udzu usanabereke njere. Dziko la Australia linaletsa kutulutsa nyama zake zakutchire zaka zoposa 60 zapitazo, ndiye zonse zimene ndinkazithirira madzi m'mawa uliwonse zinabadwira m'khola, makolo awonso chimodzimodzi, kubwerera m'mbuyo mibadwo yambirimbiri.

Masabata oyamba yankho ndinali nalo kale. Mbalame ili ndi mapiko, waya ndi ndende, basi. Ndinkanena motero kwa amalume tikudya, ndikumva kukoma ngati ndatulukira nzeru. Iwo ankangoti, "Iwe, dikira mwezi wa June."

June anafika ndi chisanu chija cha ku Joni, chimene madzi a m'beseni amadzuka ataundana. Usiku tinkatsitsa mapepala apulasitiki kuzungulira khola n'kuyatsa getsi lotenthetsa. Apa m'pamene ndinaona kuti nditatsegula zitseko zonse ziwiri zija, sindikupereka ufulu kwa aliyense. Mbalame yokulira pa mbale ya mawere siidziwa kofuna chakudya, siinathawepo mphaka, ndipo kuzizira kokha kukanaimaliza usiku umodzi kapena uwiri. Mawu akuti "zimasuleni" amakoma pakamwa pa munthu amene sadzakhalapo potola mitembo.

Komatu zimenezo sizitsuka mlandu. Kuti mbalame singathenso kukhala kunja, wachititsa ndi khola lomwelo. Simungathyole munthu mwendo kenako n'kumadzitama kuti mumamunyamula. Bwana ankakonda kuuza alendo ake kuti alimi ngati iye akupulumutsa mtundu umene ukutha. Mwina pang'ono. Koma mbalame zimene iye ankanyadira kwambiri zinali za chifuwa choyera ndi za msana wabuluu, mitundu imene anthu anachita kusankha m'makola chifukwa imagulidwa bwino. Palibe ndi imodzi yomwe imene inkakonzekeredwa ulendo wobwerera ku Australia.

Funso limene linandisowetsa tulo ndi lina. Ngati cholengedwa sichikudziwa chimene chinalandidwa, kodi chalakwiridwa? Ndinkaziyang'ana zikusamba m'mbale, zikuothera dzuwa, yaimuna ikudumphadumpha pamtengo kukopa yaikazi. Sizinkaoneka zodandaula, ndipo ndikanama ndikati ndinaziona zikulira kwawo. Kulira kwawo ndinkalira ndine, n'kumaziveka mbalame chisoni changa.

Ndiye panali tina tabulauni, tosaoneka bwino, totchedwa Bengalese, timene tinkakhala m'timakola tapadera m'galaja. Timeneti nkhani yake imazunguza mutu. Kutchire kulibe. Makolo ake akutali ndi mpheta ina ya ku Asia imene anthu anaiweta ku Japan kwa zaka zoposa 200 mpaka inasanduka mtundu wa pakhomo. Wasayansi wa ku Japan, Kazuo Okanoya, anapeza kuti nyimbo ya Bengalese ndi yolukanalukana kuposa ya m'bale wake wakutchire uja. Ganizani: m'khola, mopanda kabawi ndi njala, nyimbo inakula. Mbalame yotereyi mukati ibwerere kwawo, ipite kuti? Apa mfundo yanga ya ndende ija inayamba kutsimphina, ndipo mpaka pano ndimavomera kuti khola lalikulu, laukhondo, la dzuwa ndi mthunzi, si chinthu choipitsitsa chimene munthu angachite kwa kambalame kobadwira momwemo. Nkhuku za mazira zimene tonse timadya zimakhala moipa kuposa pamenepo, ndipo sindinamvepo mnzanga aliyense akukana dzira.

Chimene sindinathe kumeza ndi ntchito imene ti Bengalese tija tinkagwira. Timbalameti timalera chilichonse. Mukaika dzira la eni m'chisa chake, timafungatira, likaswa timadyetsa. Tsono Gouldian ikaikira mazira ake asanu kapena asanu ndi limodzi, amalume ankawachotsa ndi kasipuni n'kukawaika kwa Bengalese. Pakatha masabata awiri amaswa. Mayi uja akapeza chisa chili mbee, thupi limamuuza kuti ayambirenso, ndipo amaikira ena. Awonso amatengedwa. Mwanjira imeneyi mbalame imodzi imatulutsa ana ambiri pa nyengo imodzi kuposa mmene ikanachitira ikulera yokha. Bwana ankati Gouldian ndi makolo osadalirika, amataya ana kunja kwa chisa. Zimachitikadi. Koma ankatenga mazira ngakhale kwa zimene sizinatayepo mwana.

Ana a Gouldian ali ndi timikanda tabuluu tonyezimira m'mbali mwa kamwa, toti kholo lione poika chakudya mumdima wa mphako. Ndinasuzumirapo m'bokosi n'kuona timikandato tikuwala, kukamwa kuli yasa, ndipo wobwera kudzadyetsa ndi mbalame ya mtundu wina. Mayi weniweni ali panja, mtunda wa masitepe khumi, akuikira dzira lina. Waya uja amaletsa mbalame kupita kumene siikudziwa n'komwe. Kasipuni kankailanda chinthu chimene ikuchidziwa, chimene yachikhalira ndi thupi lake. Kwa ine kusiyana kwake n'kwakukulu, ndipo ngati pali tchimo m'kholamo, lili pa kasipuniko.

Mmawa wina tinapeza yaikazi ina ya mutu wofiira ili pansi, nthenga zili nyankhalala. Dzira linakanirira m'mimba. Kuikira kosalekeza kumatha mphamvu ndi kashiamu wa m'thupi, ndiye dzira limatha kukana kutuluka. Amalume anaifunditsa m'manja, anaiika pafupi ndi getsi, koma pofika masana inali itauma. Bwana anadandaula, ndipo ndikhulupirira kuti anadandauladi, osati za ndalama zokha. Ankazidziwa mbalame zake imodziimodzi. Madzulo ake anatiuza kuti tisamutse mazira a m'bokosi lachitatu.

Usiku umenewo ndinalankhula chinthu chimene ndinkayesa chanzeru. Amalume ali ndi ana atatu ku Ntcheu, akuleredwa ndi agogo awo, ndipo wamng'onoyo amawadziwa bambo ake pa WhatsApp basi. Ndinati, "Malume, inutu ndi mbalame zija n'chimodzimodzi. Inu kuno mukuikira, ana akulera ndi ena."

Anasiya kudya. Ndinaganiza kuti andikalipira, koma anayankha mofatsa. "Mphwanga, usandiyerekeze ndi mbalame. Ine basi ndinakwera ndekha, ndipo December ndikafuna ndipita. Amene akulera ana angawo ndi mayi anga, si mlendo. Iwe ngati ikukupweteka ndi mbalame, nena za mbalame."

Ndinachita manyazi, chifukwa ankanena zoona mbali zonse ziwiri. Ndinawachepetsa iwo, komanso ndinali nditagwiritsa ntchito kambalame kakufa kaja kuti ndinene zanga, ngati kuti imfa yake payokha siikukwana kukhala nkhani.

Mmawa mwake dzanja la amalume linali litatupa, analumidwa ndi mavu akudula mpanda. Anandipatsa kasipuni. M'bokosi lachitatu munali mazira asanu, oyera, aang'ono ngati nsonga ya chala, akadali ofunda. Mayi wake anaima pamtengo pafupi ndi mutu wanga. Ndinalibe mapepala, ndinkagona m'chipinda cha amalume, ndipo chipindacho chinali cha bwana. Ndinatenga anayi n'kusiya limodzi, ndipo pa kakhadi ka pabokosi ndinalemba 4.