Liwiro la Esau ndi Liwiro la Yakobo pa Msewu wa ku Kachulu

Mawu athu mwezi uno achokera pa Genesis 33:12-17. Amene muli ndi Baibulo pafupi, yambani mwawerenga ndimeyi, kenaka tipitirire limodzi.

Yakobo ndi Esau angokhululukirana kumene patatha zaka 20 asakuonana. Esau wabwera ndi amuna 400, anthu amphamvu opanda chowalemetsa, ndipo akupempha kuti onse ayendere limodzi. Yakobo akukana mwaulemu. Gulu lake ndi la ana aang'ono, amayi, ndi ziweto zoyamwitsa, ndipo akudziwa kuti likathamangitsidwa ngakhale tsiku limodzi padzakhala maliro. Ena amati Yakobo ankangozemba, poti mapeto ake sanapite ku Seiri koma anakhotera ku Sukoti. Mwina n'zoona, bamboyu timamudziwa kuchenjera kwake. Koma za ana ndi ziweto sananame, ndipo Esau, amene akanatha kukakamiza, anamva. Wamphamvu uja sanaumirize wofooka kuti afanane naye liwiro.

Amayi, magulu awiriwa timawaona tsiku ndi tsiku pa njira yochokera kunyanja ya Chilwa kupita ku Zomba. Mnyamata amanyamuka ku Kachulu mbandakucha, pa kaliyala atamanga dengu la matemba kapena mlamba wowamba, mwinanso thumba la mpunga la makilogalamu 50. Amapalasa pafupifupi makilomita 30 kuti akapeze msika usanadzaze. Pofika ku Matawale miyendo yalema, thukuta lili m'maso, ndipo apa mpamene amakumana ndi mataxi, maminibasi ndi njinga zamoto zolimbirana okwera. Njinga yolemedwa siima msanga ndipo sikhota msanga. M'mphepete mwa phula ndi modyeka, kunsi kwake kuli mchenga. Tsono galimoto ikamuimbira hutala kumbuyo kwenikweni, mwanayu apatukire kuti? Akatsikira mumchenga tayala limaterereka. Akakhalabe pa phula, galasi la galimoto limakola dengu.

Dalaivala nayenso ndi mwana wathu. Ena tinawaphunzitsa ku Sande Sukulu, ena akazi awo timavala nawo yunifolomu. Mwini galimoto amafuna ndalama yake madzulo alionse, mafuta ndi odula, ndipo wokwera amene iye wamusiya amatoledwa ndi mnzake wa m'mbuyo. Izi timazimvetsa. Ndipo a njinga, makamaka a kabaza a m'tauni, nawo ali ndi zawo. Amapalasa usiku opanda nyali, amayenda kumanja moyang'anizana ndi magalimoto pamene lamulo la dziko lino likuti tiziyenda kumanzere, amakhota osakweza dzanja, ena atatseka makutu ndi nyimbo za pa foni. Akayenda awiri mophatikizana akucheza, dalaivala amapsa mtima, ndipo sitingamudabwe.

Komabe tisanamizane kuti milandu iwiriyi ndi yofanana. Wa njinga akalakwa, galimoto imapindika chitsulo. Wa galimoto akalakwa, munthu amathyoka fupa. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tinaona mapeto ake m'mawodi. Fupa la ntchafu likathyoka, bambo amagona chagada masabata ambiri mwendo uli pa miyala, ndipo nthawi yonseyo mayi ali pa chipatala kudikirira, kumunda kulibe munthu, ana ajomba kusukulu, njinga imene inali kudyetsa banja yasanduka zitsulo. Wovulala m'mutu ndiye wotiwawa mtima koposa, chifukwa amatha kudzuka n'kusasa fumbi, n'kunena kuti ali bwino, madzulo ake n'kuyamba kusanza ndi kuwodzera osadzukanso. Bungwe la World Health Organization linanena m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Linanenanso kuti pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, palibe chimene chimapha ambiri kuposa msewu. Ife tinazolowera kuopa malungo ndi kolera, ndipo tiyenera kuopa ndithu, koma msewu sitiuwerengera.

Pa maliro otere timamva anthu akuti inali nthawi yake, Mulungu wakonda. Amayi, tisamusenzetse Mulungu katundu wa phazi la munthu. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba akulamulidwa kuika kampanda kuzungulira tsindwi, kuti munthu akagwa mlandu wa magazi usakhale pa nyumbayo. Taonani, lamulolo silidikira kuti wina agwe. Amene sanamange kampanda walakwa kale. Kampanda ka dalaivala ndi kuchepetsa liwiro pa msika ndi pa sukulu, kusiya mpata wokwanira podutsa njinga, kudikira pang'ono ngati kutsogolo kukubwera galimoto ina, ndi kuyang'ana pa galasi asanaime mwadzidzidzi kapena kutsekula chitseko. Kampanda ka wa njinga ndi mabuleki ogwira, belu, nyali kutsogolo, chonyezimira kumbuyo, ndi katundu amene angathe kumulamulira. Paja pa 2 Mafumu 9:20 mlonda anamuzindikira Yehu akadali kutali chifukwa cha kuthamangitsa galeta kwake. Nafenso timawadziwa a Yehu athu, timazindikira fumbi lawo asanafike.

Mwina wina akuti, ife sitiyendetsa galimoto, nkhaniyi ikutikhudza bwanji? Lowani mu taxi iliyonse yopita ku Zomba muwerenge okwera. Ambiri ndi amayi. Ndalama imene dalaivala akuthamangira ili pa mfundo ya chitenje cha mayi. Pali okwera amene amati fulumirani adalaivala, nsomba zanga ziwonongeka, ndipo pali ena amene amaseka galimoto ikapitikitsira wa njinga kutchire. Mayi wa Mothers' Union asakhale mmodzi wa iwo. Anene poyera, mwaulemu koma momveka: “Achimwene, pang'onopang'ono, uyo ndi mwana wa munthu.” Mnyamata angathe kunyozera wapolisi atangomudutsa, koma mawu a mayi wamsinkhu wa amayi ake amamulowa, makamaka mayi wachiwiri akavomereza. Ndipo mukakwera ya dalaivala wofatsa, muyamikeni potsika anthu akumva, mawa mudikire yomweyo. Wakabaza wopanda mabuleki kapena wonunkha kachasu, musiyeni apite. Nanunso amene Mulungu anakudalitsani ndi galimoto ya bizinesi, ndalama imene mumalamula madzulo ndi imene imaponda mafuta masana. Kambiranani ndi abambo kunyumba.

Kunyumba nakonso kuli ntchito. Amene amadzutsa mwana kuti anyamuke usiku ndi mayi, amene amamuthandiza kumanga dengu ndi mayi. Musanamulole kutuluka, finyani mabuleki ndi dzanja lanu. Ngati nyali palibe, tochi yomangirira pa handulo ndi yabwino kuposa mdima. Malaya oyera amaoneka patali kuposa akuda. Magulu amene muli ndi makina osokera mungathe kugula nsalu yonyezimira ija n'kusokerera timizere kumsana kwa malaya a ana athu ndi pa nsalu yophimbira dengu.

Ngozi ikachitika inu muli pomwepo, musathamangire kukuwa kapena kulola anthu kuyamba kumenya dalaivala wovulala ali gone. Tumani wina akaimitse magalimoto mbali zonse ziwiri. Pamene pakutuluka magazi, pindani chitenje choyera, psinjani mwamphamvu osachotsachotsa kuti muone. Wovulala musamupatse madzi, thobwa kapena chakudya ngakhale apemphe, chifukwa mwina akafunika opaleshoni. Musamunyamule ngati thumba, wina miyendo wina manja. Mutu, khosi ndi msana ziyende pamodzi, pa chitseko kapena thabwa, munthu mmodzi atagwira mutu. Mwendo wothyoka umangiriridwe ku mtengo wowongoka kapena ku mwendo unzake. Amene wamenyetsa mutu apite kuchipatala ngakhale akuyenda yekha, kaya ku chipatala chaching'ono chapafupi, ku Zomba Central kapena ku St Luke's ku Malosa, ndipo usiku woyamba asagone yekha.

Lamulungu lachitatu la mwezi wa Novembala ndi tsiku lokumbukira anthu amene anafa kapena kuvulala pamsewu, limene bungwe la United Nations linavomereza mu 2005. Tikupempha atsogoleri a nthambi kuti mukambirane ndi abambo ansembe msanga za tsikuli. Lembani mayina a anthu a m'midzi mwanu amene msewu unawatenga, kuti akatchulidwe pa mapemphero, ndipo muyendere amasiye awo sabata imeneyo. Pitani pa siteji mukaitane madalaivala, makondakitala ndi akabaza, Akhristu ndi Asilamu omwe, pakuti kunyanja kuno timakwera galimoto imodzi. Muwauze kuti abwere ndi njinga zawo, ndipo amayi osoka abwere ndi singano, ulusi ndi nsalu yonyezimira ija.