Majasi a mvula mu Okutobala

Padangotero, ku Kabulonga mu Lusaka kunali bambo wina wachuma amene ankakhulupirira kuti foni yake imadziwa zonse. Chaka china analonjeza ana ake kuti pa tchuthi cha ufulu, pa 24 Okutobala, adzapita nawo ku Livingstone kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi zigwembe za Batoka, momwe Zambezi amapanikizika pakati pa matanthwe akangogwa.

Ulendo anaukonza mwaluso, tisamunamizire. Anawerengera makilomita pafupifupi 480, ndalama ya pachipata cha Shimabala, mafuta, malo ogona. Analemba kuti akawoloka Kafue adzaima pa mapiri a Munali kujambula zithunzi, adzaona minda ya nzimbe ku Mazabuka, nkhomaliro adzadyera ku Choma. Ataona pa intaneti anthu atanyowa chonyowa pa mlatho wa Knife-Edge, anathamangira ku sitolo ku Woodlands n'kugulira aliyense jasi la mvula.

Lamulungu lina kunabwera mlamu wake wa ku Kabwata, mkulu amene anakalambira pa chiwongolero cha basi mumsewu womwewo. Anakhala pakhonde n'kumamvetsera.

"Alamu, mwati mupita mwezi uti?"

"Okutobala. Zonse zili m'foni muno."

"Komatu Zambezi ameneyo..."

"Alamu, za mabasi n'zina. Ife tikupita kokasangalala, osati kokatsitsa masaka a chimanga."

Mkulu uja anaomba m'manja mwaulemu, anamaliza tiyi wake, n'kukakwera minibasi. Mlongo wake, mayi wa m'nyumbamo, anamuperekeza mpaka pageti osanena kanthu.

Tsiku litakwana ananyamuka tambala asanalire, ndipo msewu sunavute. Monze, Kalomo, Zimba, zonse zinadutsa monga foni inanenera. M'mawa mwake analowa m'paki atavala majasi awo, dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu. Alonda a pachipata anangoyang'anizana.

Atafika pamlatho uja anapeza khoma lakuda la mwala, lakuya mamita pafupifupi 100, madzi akungotsetsereka apa ndi apo. Mkokomo unkamvekera kutali, utsi wa madzi ukukwera cha ku Zimbabwe, ndipo mapasipoti anali atatsala m'kabati ku Lusaka.

"Adadi, madzi aja ali kuti?" anafunsa wamng'ono.

Mayi wina wogulitsa ziboliboli ndiye anawamasulira. Madzi a Zambezi, iye anati, ndi mvula imene imagwa kutali, ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia. Imayamba yadzaza zigwa za kwa a Lozi, n'chifukwa chake mathithi amasefukira cha mu Epulo. Pofika Okutobala mbali ya Zambia imakhala itauma. "Kodi kwanu kulibe amene anayendako kuno?" anafunsa. Mkazi wa bambo uja anavula jasi lake pang'onopang'ono, akuti, "Safunsatu anadya phula, bambo a ana."

Koma tsikulo silinapite pachabe. Anatsikira ku Boiling Pot, anyani akuwalondola chifukwa cha thumba la mabanzi, ndipo kuchokera pansipo ana anakweza maso n'kuona mlatho wa njanji wa 1905 uli lende pakati pa mayiko awiri. Bamboyo sanajambule chithunzi ngakhale chimodzi. Pokwera chitunda pobwerera, majasi onse ananyamula ndi iye.

Atabwerera ku Lusaka sanaimbe foni. Anapita yekha ku Kabwata ndi nkhuku yamoyo kumbuyo kwa galimoto, n'kukhala pa kampando kamene anapatsidwa.

"Alamu, tsiku lija munati Zambezi ameneyo... Tamalizani."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anamaliza. Ulendo wachiwiri unachitika mu Epulo, ndipo mpando wakutsogolo anakhalapo ndi mkulu wa ku Kabwata.