Moto wosagwiridwa ndi manja

Amene anathyolako fodya kwa Njombwa amaudziwa utomoni wakuda uja umene umakanirira ku zala, wosachoka msanga ngakhale ndi sopo. Umachokera ku tiubweya tomata ta pa tsamba, ndipo tiubweya tomweto timakola zinthu zimene diso silingaone. M'nthaka muli yureniyamu pang'ono, m'fetereza wa fosifeti namonso alimo. Akamasweka pang'onopang'ono amabala radiyamu, radiyamu nabala mpweya wa radoni, ndipo zidzukulu za radoniyo zimatera pa tsamba. Mwa izo muli poloniyamu, amene Marie ndi Pierre Curie anamutulukira mu 1898.

Tamvani m'mene Namalenga anagawira masiku m'banja limeneli. Kuti theka la yureniyamu-238 lithe, pamapita zaka 4.5 biliyoni. Theka la poloniyamu-210 limatha m'masiku 138 okha: fodya amene wafesedwa pa nazale amakhala asanafike n'komwe ku okushoni ya Chinkhoma. Palibe ng'anjo, chisanu kapena mankhwala amene angafulumizitse nthawi imeneyi.

Pa tsamba ndi kadontho chabe, ndipo mwala wa yureniyamu wa ku Kayelekera, ku Karonga, anthu amaukumba ndi makina wamba. Koma yureniyamu akalowa mu riyakitala, makina omuswa, natulukamo, munthu samuyandikiranso. Ku Pelindaba, kumadzulo kwa Pretoria, riyakitala ya SAFARI-1 yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1965. Ili pansi pa dziwe, ndipo madzi ake amawala buluu popanda nyale. Zotulukamo amazigwirira m'zipinda za makoma ochindikala, zopanda munthu m'kati. Katswiri amaima kunja, akusuzumira pa galasi losakaniza ndi mtovu. Akafinya chogwirira, zala zachitsulo m'katimo zimapana kabotolo. Akapotoza dzanja, nazo zimapotoka. Bawuti likakhwefuka kapena pampu ikafa, sipanala imagwiridwa ndi zala zomwezo, mwaulemu ndithu, monga mkamwini amene akulankhula ndi apongozi ali kuseri kwa nkhokwe.

Manja otere anawapanga Raymond Goertz ku Argonne, m'dziko la America, cha m'ma 1949. Chimene chimandizizwitsa n'chakuti kulemera kwa kabotolo kamene kangamuphe, katswiri uja amakumva m'dzanja lake lenileni, kudzera m'zingwe zachitsulo zoboola khoma.

M'zipinda za ku Pelindaba zija amasefamo molybdenum-99, amene theka lake limatha m'maola 66, n'chifukwa chake amathamangira naye ku ndege. Akafika ku chipatala amabala technetium-99m, ndipo dokotala amabaya kadontho kake mu mtsempha wa wodwala kuti aone pamene khansa yagwira fupa.